Ndodo imodzi pamchenga wa ku Senga Bay

Mwera ukamawomba, Senga Bay imadzuka mochedwa. Maboti amakhala atakokeredwa kumtunda, mathandala ali mbee opanda usipa, alovi atakhala pamthunzi kusoka chilimira. M'mawa wotere ndi umene ndinamupeza mphwanga kumchenga ali ndi ndodo imodzi ya gofu ndi timipira tisanu m'jumbo. Analemba mzere wozungulira ndi chala chakuphazi, n'kubwerera m'mbuyo, n'kuyamba kumenya. Ndinaona kuti ndodo siyikhudza mpirawo. Imalowa mumchenga kumbuyo kwake pang'ono, ndipo mchenga womwazikawo ndiwo umanyamula mpira. Ana anali atamuzinga, akuseka munthu wamkulu akusewera ndi dothi.

Gofu anayidziwa ali mnyamata, akunyamulira mabwana zikwama ku Lilongwe Golf Club. M'chikwama mumalowa ndodo zosaposa 14, ndipo iye anazidziwa ndi phewa asanazidziwe ndi manja. Osewera ena, monga Paul Chidale, analowera ku Kenya kukasewera Safari Tour. Mphwanga anakwera basi yodzera ku Dedza, Tete ndi Beitbridge mpaka ku Johannesburg, kukayesa Big Easy Tour, mpikisano wa iwo amene sanafike mu Sunshine Tour. Mpikisano wa Big Easy Tour unayamba mu 2011, ndipo unatenga dzina limene anthu amamutchulira katswiri wa gofu Ernie Els. Dzinalo limamveka ngati zinthu n'zofewa, koma walira mvula walira matope.

Kumeneko palibe amene amakulipira chifukwa choti wabwera. Ndalama yolembetsera ndi yako, pogona ndi pako, chakudya ndi chako. Iye ankagona pabalaza kwa Amalawi anzathu, ndipo chikwama, chomwe chija ankanyamulira ena, tsopano ankadzinyamulira yekha. Owonerera unkatha kuwawerenga ndi zala. Mpikisano ukafika pakati, amadula mzere: amene ali pamwamba apitirize, amene ali pansi alongedze, osalandira kanthu. Kangapo konse anatsalira pansi pa mzerewo ndi kumenya kumodzi kokha. Dzenje la gofu ndi lotambalala mamilimita 108, loposa pang'ono chabe kukamwa kwa kapu ya tiyi. Mpira unkafika pamlomo pake, kuzungulira, n'kukana kulowa, ndipo ndalama ya lendi inkathera pomwepo.

Atabwera, ine sindinamufunse za ulendo. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, wabwerako ndi chiyani?" Ndinali nditasonkhako ya basi, ndipo mumtima ndinkawerengera. Iye anangoti, "Achimwene, ndabwerako ndine." Ndinaona ngati chipongwe.

Tsiku la mwera lija ndinakhala pachitsa n'kumayang'ana alovi aja. Ndinakumbukira mmene ntchito yawo imayendera. Mwini boti amagula petulo madzulo, nthawi zina pangongole, nsomba asanazione. Siginala amayatsa nyali zake pabwato, amuna n'kupita kuseri kwa Namalenje, usiku wonse kuponya ndi kukoka. Kukacha amatha kufika ndi ndowa yosadzaza. Amayi ogula nsomba amasuzumira m'boti n'kubwerera ndi mabeseni awo. Koma sindinamvepo munthu padoko pano akunena kuti mlovi uja sadziwa ntchito. Timangoti nyanja yakana lero. Timadziwa kuti mkono womwewo, ukonde womwewo, mawa ukhoza kudzaza thandala.

Nanga bwanji mphwanga sindinamuchitire chifundo chomwecho? Mwina n'chifukwa choti gofu ndimayionera pa TV, pomwe amaonetsa wonyamula chikho yekha. Khamu la amene anamenya bwino koma n'kupereweredwa kamodzi saliwonetsa. Msodzi ndimamuona akupita, ndimamuonanso akubwera, choncho ndimadziwa kuti ntchito yake ndi yonseyo, usiku wopha ndi usiku wosapha. Mphwanga ndinangomuona akutsika basi, ndipo ndinayeza chaka chake chonse ndi kulemera kwa thumba lake.

Kumpoto kwa kuno kuli chilumba cha Mbenje. Chaka ndi chaka, mvula ikayamba, Mfumu Makanjira imatseka usodzi kumeneko, ndipo asodzi amachoka mpaka cha mu Epulo. Amene anapha zambiri ndi amene anabwerako ndi ngongole amachokera limodzi. Onse amakakhala kumtunda kusoka maukonde ndi kumata maboti, ndipo palibe amene amawafunsa kuti mukusokeranji pomwe simuli m'madzi. Ndinazindikira kuti mphwanga nayenso anali kusoka chilimira chake m'mawa umenewo. Kaya adzapitanso kapena ayi, dzanja lake silinafune kuiwala kuti ndodo ilowe pati mumchenga.

Mpira wachinayi unatera m'kati mwa mzere uja n'kuima chilili. Ana anasiya kuseka. Wachisanu mwera unautenga, unakagwera m'mafunde. Mphwanga anayang'ana komwe unagwera, kenako anayang'ana m'jumbo mopanda kanthu. Timipira timeneti ku Salima sitigulitsidwa pagolosale.

Ndinavula nsapato, ndinapinda thalauza, ndinalowa m'madzi ozizirawo kukafufuza ndi mapazi. Nditaupeza ndinaupukuta pamalaya anga n'kumuponyera.

"Menyanso, iwe," ndinatero. "Ndikutolera ndine."