Kabuku ka Njuchi

Julayi akafika kuno ku Kasungu, mwera umawomba popanda choutchinga. M'minda ya fodya mumatsala ziputu zokhazokha, mabelo atapita kale ku Chinkhoma, moto wa osaka mbewa utayamba kunyambita tchire. Ndiyo nyengo imene ndimasungunula makapu awiri a shuga m'kapu imodzi ya madzi ofunda, dzuwa likapendeka n'kutsikira kudambo kumene kuli ming'oma yanga isanu ndi umodzi. M'mbale ndimayalamo timitengo ndi udzu wouma kuti njuchi zipeze potera, chifukwa chaka choyamba ndinazipeza zitamira, zikuyandama ngati nseula mumphika. Mbaleyo ndimailowetsa m'kati mwa mng'oma. Ukaisiya panja waitana nyerere ndi njuchi za eni ake.

Mayi a kunyumba sanavomerepo ndi mtima wonse. "Inu abambo, ana akumwa phala lozizira mkamwa, shuga mukukapatsa tizilombo?" Koma amene anandisowetsa tulo ndi mkulu wa mpingo wathu, gogo amene anayamba kufula uchi m'mphako ali mnyamata, nsadzu ikuwatsogolera. Tinakumana panjira nditanyamula chigubu, iwo n'kuseka.

"Aphunzitsi, kodi Mulungu wayamba kulephera? Amene amadyetsa mbalame zosagwira khasu, njuchi zamukanika? Ife sitinadyetsepo njuchi, koma uchi tinkachita kutaya."

Sindinawayankhe, pakuti sanali kunama. M'masiku awo Mulungu anali ataziikira njuchi nkhokwe zake: mitondo yochita maluwa mvula ikamatha, misangu ya m'madambo, mombo wophuka dzuwa likatentha. Nkhokwezo tinagwetsa ndife. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, pamene maesiteti anafalikira m'chigwa chino m'nthawi ya Kamuzu, fodya wa fuluu wakhala akudya nkhuni m'mabaani usana ndi usiku, wa bale akudya mphanda ndi milimo ya zigafa. Lero wofuna kuona mtondo waukulu apite kumanda kapena ku Kasungu National Park, kumene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma linalola anthu a m'midzi yoyandikira kupachika ming'oma ndi kutola matondo. Kwina konseku ndi mbee. Pitani pachigayo m'mawa wa Julayi mukaone njuchi zikugubuduka m'madeya, miyendo ili tuu, chifukwa mungu wa maluwa zausowa.

Ndiye ndinadzipezera yankho: shuga wangayu si chifundo, ndi ngongole. Tinaphwasula nkhokwe ya eni, tikubweza pang'onopang'ono. Yankholi linandikoma chaka chathunthu, mpaka ndinalifotokozapo pa mapemphero a m'mudzi, anthu n'kugwedeza mitu.

Linadzasasa tsiku lina ndikulemba m'kope mwanga: mng'oma wachitatu, shuga mapaketi awiri, uchi mabotolo asanu. Dzanja linangouma. Kalembedwe kameneka ndinakaonapo.

Bambo anga anali tenanti. Anachoka ku Phalombe ine ndili wakhanda, kudzalima fodya pa esiteti ina kuno. Mwezi uliwonse kapitawo ankatiyezera chimanga m'ndowa, kalaliki n'kulemba m'kabuku. Mchere, khasu, feteleza, ngakhale mankhwala a malungo, zonse m'kabuku. Fodya akauma, bwana ankamugula pa mtengo wonena yekha, n'kuchotsera za m'kabuku zija, zotsala n'kukhala malipiro a chaka chonse. Bambo sankadziwa kuwerenga, ankangodinda chala. Ndipo mpaka imfa yawo ankati bwanayo anali munthu wachifundo, chifukwa ndowa siinkachedwa.

Ndowayo inali ya chifundo kodi? Inali yoti tisathawe fodya asanathyoledwe. Njala ya 2002 itavuta, chimanga chitasowa m'maesiteti, matenanti ambiri anangonyamuka, zitseko n'kutsala pululu. Njuchi zathu nazo khalidwe lake ndi lomwelo. Za ku Ulaya zimapirira: chisanu chikagwa zimaunjikana pamodzi miyezi ingapo, zikudya zimene zinasunga, ndipo mlimi wa ku Britain amaonetsetsa kuti mng'oma uli ndi chakudya chokwana makilogalamu pafupifupi 20 dzinja lawo lisanayambe. Zathuzi sizidikira imfa. Njala ikalowa zimasiya malesa ouma n'kusamuka gulu lonse. Tsono ndikamatsikira kudambo ndi chigubu changa, ndinene zoona, chimene ndimaopa si kufa kwa njuchi. Ndimaopa kupeza mng'oma uli pululu.

Ndipo malonda ake ndi okomera ine. Mu Juni ndimatenga uchi umene zinadzisungira kuti zidye m'chisanu, botolo limodzi n'kugula mapaketi angapo a shuga, kenaka n'kuzibwezera kachigawo. Shuga ndi kutsekemera chabe, ana a njuchi sangakulire pamenepo popanda mungu. Choseketsa n'chakuti shugayo amachokera ku Dwangwa, m'minda ya nzimbe yomwa madzi a mtsinje umene umayambira m'nkhalango yathu yomweyi. Madzi amapita aulere, n'kubwerako ali m'paketi ya mtengo wake.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Mwambiwu ndimaukonda chifukwa subisa kanthu: wopatsa amayembekeza kudzatenga, ndipo pamenepo palibe tchimo. Vuto limayamba pamene woika ndi yemweyo wosunga kabuku, woyeza ndowa ndi yemweyo wonena mtengo, winayo sangawerenge.

M'buku la Deuteronomo, mutu 25, muli lamulo loletsa kutseka pakamwa pa ng'ombe imene ikugwira ntchito yopuntha dzinthu. Idyeko pa zomwe ikupondazo. Paulo, polembera Akorinto, anafunsa ngati Mulungu analidi ndi ng'ombe m'maganizo, nati lamulolo ndi la ife anthu. Pamenepa ine ndi Paulo sitimvana kwenikweni. Ndikuganiza kuti ng'ombeyo inaganiziridwa ndithu, pakuti ndinakulira m'nyumba imene anthu ankayezeredwa chakudya ngati ziweto, ndipo woyezayo sankaona kusiyana. Chimene ndimaona m'lamulolo n'chakuti silikunena zopatsa ng'ombe gaga madzulo ntchito itatha. Likunena za dzinthu zomwezo, nthawi yomweyo. Kwa njuchi, ndiye kuti uchi.

Chaka chino pofula ndinasiya theka la malesa m'mng'oma uliwonse. Mayi a kunyumba anawerenga mabotolo ali patebulo, n'kuwerenganso, kenaka anapita kukapala moto osanena kanthu. Shuga ndinagulabe, koma wa ming'oma iwiri yokha yofooka. Ndinadzalanso misangu khumi m'mphepete mwa dambo, mbuzi zadyapo itatu.

Mkulu wa mpingo uja nditamufotokozera zonsezi anangoti, "Mwayamba kumva, aphunzitsi, koma mukadali ndi kope."

Mu Ogasiti mng'oma wachitatu unasamukabe. Ndinapeza mbale ili yodzaza, nyerere zitazungulira m'mphepete. Anyamata oweta ng'ombe akuti anaziona zitalowa m'mphako ya mtondo waukulu wa kumanda. Kumeneko munthu salowa popanda chilolezo cha amfumu, ndipo sindinapite kukapempha.