Phulusa Ndi Katapila: Kodi Woyatsa Tchire Amalakwira Ndani?

Mwezi wa Seputembala ukafika, anthu okhala mu Blantyre amaona mizere yofiira ya moto usiku m'mapiri a Michiru ndi Soche. N'chimodzimodzinso ku Zomba, ku Mulanje ndi ku Chikangawa. Ambiri amangoti ndi nyengo yake. Koma pali funso lofunika kulisinkhasinkha pa Nyengo ya Chilengedwe, imene Mpingo umakumbukira kuyambira pa 1 Seputembala mpaka pa 4 Okutobala: ngati palibe nyumba yomwe yapsa, palibenso munthu wovulala, kodi woyatsa motoyo walakwira ndani?

Woyatsayo ali ndi zifukwa zake, ndipo si zopusa. Wosaka mbewa amafuna kuti mauna aonekere. Woweta ng'ombe amafuna msipu. Mlimi amadziwa kuti pomwe padagwa phulusa mbewu zimabiriwira, ndipo sanama. M'phulusa muli potaziyamu, kashiamu ndi fosifolasi, komanso limachepetsa asidi m'nthaka. N'chifukwa chake Abemba a kumpoto kwa Zambia akhala akusadza nthambi, kuziunjika, kuzitentha ndi kufesa mawere paphulusapo, ulimi womwe amautcha chitemene. Koma iwo ankasiya malowo kwa zaka zambiri kuti nkhalango ibwerere. Akatswiri a zankhalango nawonso amayatsa dala moto wozizira mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse, pofuna kupewa moto wolusa wa mu Okutobala. Choncho vuto si moto pawokha. Vuto ndi moto wotentha kwambiri, wobwerezedwa chaka ndi chaka pamalo amodzimodzi.

Zimene moto wotere umachita sizioneka ndi maso. Chonde cha nkhalango chimakhala m'masentimita ochepa apamwamba, momwe muli masamba owola, timizu, nyongolotsi, chiswe ndi tizilombo tosaoneka timene timasandutsa zinyalala kukhala chakudya cha mbewu. Kutentha kukafika pafupifupi madigiri 200, nayitrojeni amayamba kuthawa ndi utsi. Ameneyu ndi mchere womwewo umene mlimi amakaugula m'thumba la Urea pamtengo wowawa. Zowolerana zikapsa, dothi limataya chimene chimalimanga pamodzi, ndipo limasanduka fumbi. Pena utsi wa masamba umalowa pansi n'kumata timiyala ta dothi ngati phula, kotero kuti madzi amangoyenderera pamwamba osalowa. Ndiye mvula yoyamba ikagwa pa nthaka yosafunda, imakokolola phulusa lija pamodzi ndi dothi labwino, ulendo wa kumtsinje.

Apa m'pamene phulusa limafanana ndi katapila. Limapereka pang'ono lero, mawa n'kulanda zambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti wokongola katapila amabweza yekha, pomwe ngongole ya lupsa amabweza ndi ena. Amabweza ndi mayi wa kumunsi kwa phiri amene chitsime chake chimaphwa msanga chifukwa madzi sadalowe pansi. Amabweza ndi anthu a m'tauni pamene matope odzaza mu Shire asokoneza makina opangira magetsi ku Nkula. Amabwezanso ndi mwana wosabadwa amene adzalandire munda wa miyala yokhayokha, poti dothi lokokoloka m'tsiku limodzi limatenga zaka mazanamazana kuti lipangikenso. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Kungakhale kunama kunena kuti moto wokha ndiwo udachititsa ngoziyo, pakuti mvula yake inali yoopsa. Komabe phiri lovulidwa ndi nkhwangwa ndi moto silingagwire madzi monga phiri lofunda.

Yankho la funso lija ndi limeneli: woyatsa tchire amalakwira anthu amene sangathe kumuona kapena kumudandaulira. Chikumbumtima cha munthu chimagunda msanga wolakwiridwa akakhala pafupi, akulira. Chimachita ulesi wolakwiridwayo akakhala kutali kapena akakhala wam'tsogolo. Koma kutalika kwa mtunda kapena kwa zaka sikuchepetsa mlandu. Lamulo lachisanu ndi chiwiri loletsa kuba limakhudzanso chuma chimene Mulungu adapatsa anthu onse pamodzi. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, adaphunzitsa kuti kuwononga chilengedwe kumapweteka osauka poyamba, ndipo kuti mibadwo yakudza ili ndi gawo lake pa dziko lino.

Mkhristu wa m'tauni asafulumire kuloza chala mnyamata wa kumudzi wonyamula khasu ndi machesi. Mpani wa mbewa wogulidwa pawindo la basi ndi thumba la makala lolowa m'khitchini zimachokera kunkhalango komweko. Nthawi zambiri woyatsa motoyo ndi wosauka wofuna ndiwo za lero, pomwe wogula ali ndi mwayi wosankha. Amene ali ndi mwayi waukulu ndiye alinso ndi udindo waukulu.

Zochita zilipo, ndipo n'zapafupi. Wokhala ndi kamunda kuseri kwa nyumba akwirire mapesi m'malo mowatentha. Wotuma ndalama zolimira kumudzi anene kuti zinyalala zisayatsidwe. Miphakati imene imabzala mitengo mu Januwale ikumbukirenso kukalambula njira zotchinga moto mu Juni, chifukwa mbande zambiri zimafa ndi moto chaka chisanathe. Ndipo woona moto ukuyamba paphiri asadikire kuti wina ndiye akanene kwa amfumu kapena kwa a zankhalango. Paja moto umapita kumene kwatsala tchire.