Macheka Otchipa ndi Kavalo wa Diso Limodzi

M'mashopu a zitsulo a ku Limbe, a mumsewu wa Malangalanga ku Lilongwe ngakhalenso a mu Mzuzu, wocheka matabwa amatha kupeza macheka a injini a mitundu iwiri ali pashelefu imodzi, onse onyezimira, onse opakidwa utoto wofanana, koma mtengo wa ena ukuposa wa anzake kangapo. Amawanyamula onse kuti amve kulemera kwake, amakoka chingwe cholizira pang'onopang'ono kuti amve kulimba kwa injini. Wogulitsa amangoti, "Bwana, onsewa ndi amodzimodzi, chasiyana ndi dzina basi." Kawirikawiri munthu uja amatuluka atasenza otchipawo.

Anthu okhala ndi ndalama amafulumira kumuweruza kuti saona patali. Amaiwala kuti ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chidakwera mtengo koopsa. Kwa munthu wamba, kusankha sikuli pakati pa macheka abwino ndi oipa. Kuli pakati pa macheka otchipa ndi kubwerera ku nkhwangwa. Choncho funso loyenera kufunsidwa likupita kwa wopanga ndi wogulitsa: kodi kupanga ndi kugulitsa chida chimene ukudziwa kuti sichikhalitsa ndi kuba, kapena ndi chifundo kwa wosauka?

Makinawa, amene ambiri amangowatchula kuti chainsaw, ali ndi mbiri yake. Andreas Stihl adayambitsa kampani yake ku Stuttgart m'dziko la Germany mu 1926, ndipo macheka ake oyambirira anali olemera kwambiri moti ankafuna anthu awiri. Husqvarna ya ku Sweden, yomwe idayamba mu 1689 ngati fakitale ya mfuti, idayamba kupanga macheka a injini mu 1959. Malamulo oteteza luso la munthu amene watulukira chinthu amatha mphamvu pakapita zaka pafupifupi 20, ndipo zikatero wina aliyense akhoza kutengera kapangidweko. N'chifukwa chake mafakitale a ku China amapanga macheka otengera mitundu yakale monga Stihl 070 ndi MS 660. Kampani ya Farmertec imagulitsa ake m'dzina la Holzfforma, ndipo sibisa kuti G660 yake idatengera MS 660, mpaka masipeya ambiri amalowana. Palinso timacheka ting'onoting'ono tolembedwa manambala ngati 5200 ndi 5800, tomwe timabwera m'mayina osawerengeka.

Amene amati vuto ndi dziko lochokerako amaphonya. Stihl yeniyeniyo ili ndi fakitale ku Qingdao, ku China komweko, kuyambira 2006. Manja a anthu a dziko limodzi akupanga macheka okhalitsa ndi macheka a nyengo imodzi. Chosiyana ndi zimene mwini fakitale adasankha kulipirira ndi zimene adasankha kudumpha.

Makaniko wa injini zing'onozing'ono amadziwa pamene pamadumphidwapo. Macheka akabwera atafa, amamasula mabawuti a chotulutsira utsi, n'kusuzumira pabowo lolowera mu silinda uku akukoka chingwe pang'ono kuti pisitoni ikwere. Pisitoni yabwino imaoneka yosalala, yonyowa ndi oyilo. Yakufa imakhala ndi mikwingwirima yotsika, yoti chikhadabo chimakodwamo. Silinda ya macheka ndi ya aluminiyamu, chitsulo chofewa, ndipo m'kati mwake amakutamo kachitsulo kolimba kopyapyala kwambiri. Injiniyo imazungulira maulendo okwana ngati 13,000 pa mphindi imodzi. Kukutako kukachitika mwachinyengo, kamayamba kusupuka. Nthawi zina wolakwa ndi kapaipi ka labala kapena chotsekera chimene chang'ambika n'kulowetsa mpweya. Mafuta amachepa, injini imatentha, pisitoni n'kumatirira. Zina ndi zazing'ono koma zotopetsa: timano ta pulasitiki ta cholizira timathyoka, pampu ya oyilo wa tcheni imasiya kukoka, mabawuti amamasuka okha ndi kunjenjemera, tcheni imatamuka msanga.

Komabe makaniko yemweyo angakuuzeni kuti ena mwa macheka otchipawa amagwira ntchito zaka. Apa ndiye pagona nkhani. Vuto lawo lalikulu si lakuti onse ndi oipa, koma lakuti salingana: awiri ochokera m'kontena imodzi, ena amakhalitsa, ena amafa sabata yachiwiri. Kuyesa chida chilichonse chisanatuluke m'fakitale kumadya ndalama, ndipo ndalama imeneyo ndi imodzi mwa zimene zachotsedwa pamtengo. Wogula walipira zochepa chifukwa ntchito yoyesayo yasamukira kwa iye, ndipo aichitira kunkhalango, kutali ndi shopu, ndi manja ake omwe.

Mlimi amene amagwetsa bulugama pang'ono pachaka, kudula nkhuni ndi milimo ya chigafa, akhoza kupindula ndi macheka otere, makamaka ngati masipeya ake akupezeka pafupi ndipo ndi otchipa. Wocheka matabwa amene amaliza injini kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akung'amba zipika m'litali, ndiye amene amalira msanga, chifukwa palibe ntchito yolemetsa macheka kuposa imeneyo.

Funso la wogulitsa katundu wolumala ndi lakale kwambiri. Thomas Aquinas, wansembe wa chipani cha Dominiko amene adamwalira mu 1274, adalisanthula m'buku lake la Summa Theologiae, ndipo adapereka zitsanzo za akavalo. Ngati kavalo ali ndi diso limodzi, chilemacho chili poyera. Wogulitsa sakakamizidwa kuchilengeza, bola atsitse mtengo molingana ndi chilemacho. Koma ngati agulitsa kavalo wotsimphina ngati waliwiro, kapena nyumba yotsala pang'ono kugwa ngati yolimba, kapena chakudya chovunda ngati chabwino, ndiye kuti wachimwa, chifukwa waika mnzake pangozi ndi chilema chobisika.

Maganizo amenewa amamasula wosauka ndi wogulitsa woona mtima. Macheka olembedwa dzina lawolawo, ogulitsidwa pamtengo wotsika, wogula atauzidwa kuti awa ndi a ntchito zopepuka, ndiye kavalo wa diso limodzi uja. Palibe tchimo pamenepo, ndipo pali ubwino weniweni, pakuti munthu amene akadatha masiku akulimbana ndi chipika chimodzi wapeza chomupeputsira thukuta. Koma macheka amene amatidwa dzina la Stihl kapena Husqvarna pomwe sadadutseko kumafakitale amenewo, ndi bokosi lake ndi kabuku kake zonse zokopera, ndiwo kavalo wotsimphina. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wopanga zoterezi sakugulitsa chitsulo chokha. Akugulitsa chikhulupiriro chimene ena adachimanga kwa zaka zambiri, ndipo akuchigulitsa kwa munthu amene alibe njira yochiyesera.

Zipembedzo zikugwirizana modabwitsa pankhaniyi. M'buku la Sahih Muslim muli nkhani ya Mtumiki Muhammad akudutsa pamsika, napisa dzanja m'mulu wa chakudya chogulitsa, zala n'kutuluka zonyowa. Wogulitsa adati idali mvula. Mtumiki sadamudzudzule chifukwa chogulitsa chakudya chonyowa, koma chifukwa chochibisa pansi m'malo mochiika pamwamba pomwe ogula angachione, ndipo adanena kuti wachinyengo sali mbali yake. Mneneri Amosi naye, m'mutu 8 wa buku lake, akukalipira amalonda ochepetsa muyeso ndi ogulitsa zinyalala za tirigu ngati tirigu. Cicero wa ku Roma, polemba za udindo wa munthu mu 44 BC, adasiyanitsa kungokhala chete ndi kubisa dala chinthu chimene mnzako akufunika kudziwa, pofuna kuti iwe upindule.

Pali chovuta chimodzi chimene anthu akalewa sadakumane nacho mokwanira. Kavalo umatha kumuyendetsa, kumuyang'ana mano ndi ziboda. Chilema cha macheka chili m'kati mwa silinda, ndipo nthawi zambiri ngakhale mwini shopu sadziwa kuti bokosi limene wagulitsa ndi lamwayi kapena latsoka. Katswiri wa zachuma George Akerlof adasonyeza mu 1970, pogwiritsa ntchito msika wa magalimoto akale, kuti ogula akalephera kusiyanitsa chabwino ndi choipa amangolipira mtengo wotsika, ndipo ogulitsa zabwino amathawa msikawo. Ntchitoyi idamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2001. Tanthauzo lake kwa ife n'lakuti bodza la wogulitsa mmodzi silivulaza wogula mmodzi yekha. Limalanga wamalonda woona mtima wa shopu yoyandikana nayo. Ndipo mwini shopu wonena kuti "sindimadziwa" sakupulumuka kwathunthu. Amadziwa ndithu kuti ndi angati abwerera kudzadandaula, amadziwa kumene adaoda ndi mtengo umene adaodera. Mawu aja akuti onsewa ndi amodzimodzi ndiwo chakudya chonyowa choikidwa pansi.

Pankhani ya buleki, kutsitsa mtengo sikungafafanize mlandu. Tcheni imathamanga mamita okwana ngati 20 pa sekondi. Nsonga ya chitsulo choyendapo tcheni ikagunda nthambi kapena kupanidwa, macheka amalumpha kubwerera kunkhope ya wocheka, ndipo chompulumutsa ndi buleki yoimitsa tcheni nthawi yomweyo. Macheka amene chogwirira cha buleki chilipo koma sichigwira bwino si katundu wotchipa ayi, ndi msampha. Silinda yofooka imawononga ndalama, ndipo munthu akhoza kuvomera kutaya ndalama zake akudziwa. Palibe mtengo wotsika umene ungalipire dzanja la munthu wochekera kutali ndi chipatala.

Baibulo lili ndi nkhani yaifupi imene alaliki saikonda kwenikweni, ya pa 2 Mafumu mutu 6. Ophunzira a mneneri Elisa adapita kumtsinje wa Yordano kukadula mitengo yomangira, nkhwangwa ya mmodzi n'kuguluka kugwera m'madzi. Chimene chidamuliza munthuyo n'chakuti nkhwangwayo idali yobwereka. Elisa sadamunyoze kuti akulirira kanthu kakang'ono. Adaponya kamtengo m'madzimo, chitsulo chija n'kuyandama. Nkhaniyi ikuika chida cha munthu wosauka pamlingo wa zinthu zoyenera chozizwitsa. Macheka ambiri otchipa nawonso ndi obwereka mwanjira ina: ndalama yake idachokera ku banki m'khonde, kwa wachibale, kapena kwa wakatapila. Akafa mwezi wachitatu, ngongole imatsala yamoyo.

Ngongoleyo imafika mpaka kunkhalango. Munthu amene akudziwa kuti chida chake chikhoza kufa tsiku lililonse, ndipo wobwereketsa akumudikira, sacheka modekha. Amagwetsa chilichonse chimene chingasanduke ndalama lero, waung'ono ndi waukulu womwe, m'mbali mwa mtsinje ndi pamtsetse pomwe. Paini amafuna zaka zoposa 20 kuti akhwime, mbawa ndi mlombwa zimafuna zochuluka kuposa apo. Nkhalango ya Chikangawa pamapiri a Viphya, yomwe idali ya mahekitala pafupifupi 53,000, idaphwasuka ndi moto komanso kudula kosabwezeretsa, ndipo sikungakhale chilungamo kusenzetsa macheka otchipa mlandu wonsewo. Koma kutsika kwa mtengo wa makina ogwetsa mtengo waukulu m'mphindi zochepa kwaika mphamvu yoopsa m'manja ambiri. Dziko la Ghana lidaletsa kucheka matabwa ogulitsa ndi macheka otere mu 1998, ngakhale matabwa ambiri a m'misika ya kumeneko akuchokerabe kwa ocheka oterewo. Philippines idakhazikitsa lamulo mu 2002 loti macheka a injini azilembetsedwa kuboma. Chifukwa china choletsera kucheka matabwa ndi macheka otere n'chakuti tcheni imadya njira yotakata m'chipika, kotero gawo lalikulu la mtengo limatha ngati utuchi.

Deuteronomo mutu 20 amaletsa asilikali ozinga mzinda kudula mitengo ya zipatso. Aphunzitsi a Chiyuda adakulitsa lamuloli kukhala chiphunzitso choletsa kuwononga chinthu chilichonse chothandiza. Chiphunzitso chimenechi chimakhudza mtengo wogwetsedwa usanakhwime, chimakhudzanso mulu wa macheka akufa kuseri kwa malo a makaniko, aluminiyamu ndi chitsulo zokumbidwa, kusungunulidwa ndi kuwolotsedwa nyanja kuti zigwire ntchito miyezi yowerengeka.

Mwini macheka nayenso ali ndi gawo lake, ndipo si laling'ono. Buku la Mlaliki, mutu 10, limakumbutsa kuti chitsulo chosanola chimafuna mphamvu zambiri. Tcheni yakuthwa imalavula tizibenthu ta mtengo. Yobuntha imatulutsa fumbi, ndipo wocheka amayamba kukanikiza, injini n'kumatentha. Tupa yozungulira yonolera ndi yotchipa kuposa pisitoni. Stihl imalangiza kusakaniza magawo 50 a petulo ndi gawo limodzi la oyilo wake, pomwe mabuku a macheka ambiri otchipa amati 25 kwa limodzi. Wothira mongoyerekeza, kapena wogwiritsa ntchito oyilo wakuda wotsala m'galimoto, amapha ngakhale macheka odula kwambiri, kenako n'kumatukwana fakitale. Macheka otchipa m'manja mwa munthu wotsuka sefa ya mpweya, womanga mabawuti m'mawa uliwonse ndi wopumitsa injini amatha kupitirira odula a munthu wosasamala.

Choncho wosauka wogula macheka otchipa sadalakwe, ndipo wogulitsa amene amanena zoona za katundu wake akuchita ntchito yolemekezeka. Wolakwa ndi womata dzina labodza, wobisa chilema ndi wogulitsa buleki yosagwira. Malawi ali ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ali ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission lolandira madandaulo, komanso Malawi Bureau of Standards yoyang'anira miyezo ya katundu wolowa m'dziko. Macheka akuyenera kukhala pakati pa zinthu zimene mabungwewa akuziyang'anitsitsa. Inu amene mukupita kukagula, muuzeni wogulitsa awalize pomwepo ndi kumenya buleki mukuona, mufunseni kumene masipeya ake amapezeka, ndipo alembe pa risiti dzina lenileni la machekawo. Akakana, tengani ndalama zanu mukayese shopu ina.