Gulo, Agogo a Nadzikambe ndi Nthambo ya ku Bembeke

Padangokhala!

Tilitonse!

Kumtunda kwa Dedza, kumene nkhungu imagona paphiri mpaka dzuwa litakwera, nyama za ku Bembeke zidali ndi kopaletivi ya alimi a kachewere. Wapampando adali a Njovu. Mbewu inkabereka bwino, poti kachewere amakonda kozizira, koma chaka ndi chaka pasikelo pankabuka mkangano. Nguluwe ankati thumba lake lalemera makilogalamu 50, mlembi n'kulemba 45, ndipo a Fisi, amene ankabwera pa lole kuchokera ku Lilongwe kudzapikula, ankangosekera mumtima, chifukwa alimi akamakangana mtengo umatsika.

Zitatopa nazo, nyamazo zidasonkherana ndalama n'kugula sikelo yamakono. Sikeloyo idali ndi kamera ndiponso kakompyuta koyendera Linux. Thumba likaikidwa, kakompyutako kankalijambula n'kutumiza chithunzi pamodzi ndi kulemera kwake ku ofesi, kumene risiti inkatuluka. Kuchokera ku shedi kukafika ku ofesi adayala nthambo ya ethernet ya mamita 70, podziwa kuti nthambo yotereyi siyenera kupitirira mamita 100. Ku ofesiko inkalowa mu switch, kabokosi kamene kamalumikiza makompyuta onse.

Chidatsala n'chimodzi. Kakompyutako kankafuna driver, pulogalamu imene imauza kachipangizo ka netiweki zochita. Ntchitoyo adaipereka kwa Gulo, buluzi wachinyamata wa mutu wabuluu amene adaphunzira za makompyuta kutauni. Gulo adali wanzeru, zimenezo tisamuchotsere. Adayamba kulemba dzuwa likulowa, tambala woyamba asanalire n'kuti atamaliza.

Koma kopaletiviyo idali ndi lamulo lakuti khodi iliyonse, isanalowe m'makina, iyambe yadutsa m'maso mwa agogo a Nadzikambe, bilimankhwe wokalamba wa ku Chongoni, kufupi ndi miyala ya zojambula zakale ija imene a UNESCO adaiika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Mukudziwa kuti abuluzi ndi abilimankhwe ali ndi kambiri kawo. Akuti Chauta atatuma bilimankhwe ndi uthenga wa moyo, buluzi adamupitirira panjira ndi uthenga wa imfa. Kuyambira pamenepo anthu amatukwana wochedwayo, ndipo ndi ochepa amene amafunsa chimene wofulumirayo adanyamula.

Gulo adafika, n'kuika laputopu pamphasa. Agogowo adawerenga mzere umodziumodzi, diso lina pa khodi, lina pa mnyamatayo.

"Walemba mwaukhondo, mdzukulu wanga," adatero. "Koma apa wazimitsa auto-negotiation. Chifukwa chake?"

"Imachedwetsa, agogo. Mukalowetsa nthambo, zipangizo zimayamba zatha masekondi angapo zikungopatsana malonje. Ine ndalemberatu kuti liwiro likhale mamegabiti 100 pa sekondi, full duplex, basi. Switch ya ku ofesi imatha zimenezo, ndawerenga pakatoni yake."

"Kutha imatha. Koma waiuza ndani?"

Gulo adakanda mutu wake wabuluuwo.

Agogo adafotokoza mofatsa. Adati nthambo ikalowetsedwa, chipangizo cha mbali iliyonse chimatumiza timagetsi tifupitifupi tonena zimene chimatha: kaya liwiro la 10 kapena la 100, kaya half duplex, kumene ziwirizo zimalankhula mosinthana, china chikamalankhula chinzake chili chete, kapena full duplex, kumene zonse zimalankhula nthawi imodzi, chilichonse pa tiwaya take. Zikamvana zimasankha chapamwamba chimene zonse ziwiri zingakwanitse. Dongosolo limeneli lidakhazikitsidwa mu 1995 m'malamulo a IEEE 802.3u, nthawi imene liwiro la 100 linkafika n'kupeza zipangizo zakale za 10 zikadali pantchito.

"Tsono iwe wakatseka pakamwa kakompyuta kako," adapitiriza. "Switch ipereka moni, sikayankha. Liwiro ikhoza kulizindikira yokha pomvetsera mmene magetsi akuyendera m'nthambo, ndipo ipezadi 100. Koma zoti mnzakeyo ali pa full duplex palibe choiuza. Lamulo lake likuti ikapanda kumva kanthu ikhale pa half duplex. Ndiye kuno full, uko half."

"Koma ndayesa kale, agogo, zikuyenda!"

"Wayesa ndi chiyani?"

"Ndi ping. Yayankha bwinobwino. Ndipo kanyale kobiriwira kayaka."

"Kanyale kamangonena kuti nthambo yalumikizana. Ping ndi kauthenga kakang'ono, kamapita kokha n'kubwera kokha. Bwerera ukakonze mzerewu. Ndipo pali pena: driver yako ikufunsa za nthambo kamodzi kokha, kompyuta ikamayaka. Nanga magetsi akathima ku ofesi n'kuyakanso? Nanga mawa akasintha switch? Mkati umu muli tizipangizo tiwiri. PHY ili pakhomo, ndiyo imakambirana ndi mbali inayo. MAC ili m'kati, ndiyo imamanga mauthenga. Ntchito ya driver ndi kumva kwa PHY zimene zagwirizanidwa n'kukauza MAC, nthawi iliyonse zinthu zikasintha. Ukakonza ubwere ndidzaonenso."

Gulo adati "zikomo agogo" ndi pakamwa pokha. Sadabwerere ku khodi ija. Adatsika molunjika kwa a Njovu, n'kuwaonetsa kanyale kobiriwira ndi mizere ya ping ikutsika pasikirini.

"Mfumu, taonani nokha. Agogo aja akalamba, akufuna tidikire mpaka kachewere aphuke m'matumba."

A Njovu za makompyuta sankazidziwa, koma lole ya a Fisi inkabwera Lachisanu, ndipo zobiriwira adaziona ndi maso awo. Adati, "Ika, mwana wanga." Pamenepa wolakwa sadali Gulo yekha. Lamulo lija adaliika ndi a Njovu omwewo.

Lachisanu lidafika. Ngolo zidatsika kuchokera m'midzi, ena atasenza pamutu, ena panjinga, mzere n'kukafika kumsewu. Thumba loyamba lidakwera pasikelo, risiti idatuluka, ntchembere zidalulutira. Thumba lachiwiri lidachedwako. Pofika lachikhumi, chithunzi chimodzi chinkatenga nthawi yoti munthu n'kukazinga chimanga n'kudya. Kanyale kaja kadali chiyakire, kobiriwira bwinobwino.

Dzuwa lidapendeka, mphepo ya ku Dedza idayamba kuluma m'makutu. A Fisi ankayendayenda m'mbali mwa mzere, manja kumbuyo.

"Pepani abale anga, makina anuwa akuzunzani. Bwanji ndingogula ndi maso, thumba lililonse mtengo umodzi, mukafike kwanu kusanade?"

Ambiri adagulitsa. Amayi a Gwape, amene ankafuna ndalama ya fizi ya mwana, adapereka matumba asanu pa mtengo wa atatu. Lole idakwera msewu wa M1 itadzaza, a Fisi akuimba mluzu.

M'mawa mwake kudali kufunafuna mfiti. Ena adati ndi magetsi, ena adati sikeloyo adatigulitsa yakufa. Gulo, mtima uli phaphapha, adayenda motsatira nthambo mpaka adapeza pamene chikopa chake chidakalika pang'ono pakona ya shedi.

"Khoswe!" adakuwa. "Khoswe watafuna nthambo!"

Ndani akadakana? Mbiri ya Khoswe ndi mawaya imadziwika. Adamugwira akuphika ndiwo, n'kumutsekera m'nkhokwe, iye akulumbira kuti chikhalire sadaiyandikire nthamboyo. Adatuma Kalulu ku boma la Dedza kukagula nthambo ina. Adaiyala, adailowetsa, kanyale kadayaka, ndipo zithunzi zidapitiriza kukwawa monga dzulo. Ena adati ndiye kuti Khosweyo walodza.

Mlandu udapita kubwalo. Udayamba mochedwa chifukwa a Njovu adati adikire agogo a Nadzikambe, amene adanyamuka ku Chongoni mbandakucha n'kufika dzuwa lili paliwombo, akuponda ngati nthaka ikuotcha. Sadakhale pansi. Adapempha kuti awatsegulire kakompyuta ka kusikelo ndi tsamba la switch, zonse pamodzi. Apa m'pamene maso awo otembenuka paokhapaokha adagwira ntchito: lina lidayang'ana mbali ya shedi, lina mbali ya ofesi.

Kusikelo adalemba lamulo la ethtool, loonetsa mmene kachipangizo ka netiweki kakhalira, n'kuuza Kalulu kuti awerenge mokweza. Liwiro 100, full duplex, auto-negotiation yozimitsa. Ku switch: liwiro 100, half duplex.

"Tsopano werenga zolakwika," adatero.

Ku switch kudali ma late collision ambirimbiri. Kusikelo kudali ma CRC error osawerengeka.

"Mfumu ndi inu nonse, nkhani ili apa. Sikelo ikutumiza chithunzi mosalekeza, poti idauzidwa kuti ikhoza kulankhula nthawi ina iliyonse. Switch ikayamba kupereka yankho lochokera ku ofesi lakuti talandira, imamva mnzakeyo akulankhulanso, n'kuganiza kuti mauthenga awombana, ndiye imadukiza pakati. Kuwombanako kukachitika mabaiti 64 oyamba atadutsa kale, siibwerezanso uthengawo, imangoutaya. Sikelo imalandira zidutswa, n'kuzitayanso. Ikaona kuti yankho silikubwera imadikira, imatumizanso, n'kuchepetsa liwiro. Uthenga ukakhala umodzi palibe chowombana nacho, n'chifukwa chake ping inkayankha. Katundu akachuluka m'pamene zimaoneka. Nthambo ilibe mlandu, yakale ija ngakhale yatsopanoyi. Mtulutseni mwana wa eni ake m'nkhokwemo."

Bwalo lidati zii. A Njovu adatembenukira kwa Gulo.

"Kodi agogowa adakuuza zimenezi usanaike?"

"Adandiuza, mfumu."

"Nanga pamene tinkamanga Khoswe, unkadziwa?"

Gulo adayang'ana pansi. "Ndinkakayikira, mfumu."

"Safunsa adadya phula," adatero a Njovu, "koma iwe phulalo wadyetsa mudzi wonse, n'kupakanso mnzako pakamwa. Nanenso ndidadya nawo, poti ndidalumpha lamulo langa lomwe."

Pomwepo, anthu onse akuona, Gulo adakhala pansi pambali pa agogo aja n'kukonza. Adayatsanso auto-negotiation, n'kulemba kuti driver izimvetsera PHY nthawi zonse ndi kusintha MAC mogwirizana ndi zimene yamva. Sidafike n'komwe mizere makumi awiri. Agogo adawerenga kawiri, n'kumuuza kuti azule nthambo ndi kuibwezera, azimitse switch ndi kuiyatsanso, kenaka atumize zithunzi zambiri nthawi imodzi. Mbali zonse ziwiri zidaonetsa 100, full duplex, ndipo manambala a zolakwika adaima pamene adali. Risiti zidayamba kutuluka thumba lisanatsike pasikelo.

Chigamulo chidali chotere. Gulo apepese Khoswe pamaso pa onse ndi kumulipira matumba awiri a kachewere, ndiponso akalime munda wa amayi a Gwape dzinja lonse. A Njovu adadzilipiritsa okha ndalama ya nthambo yachiwiri ija. Zimene a Fisi adapita nazo sizidabwerere, ndipo sabata yotsatira atabwera n'kupeza sikelo ikuyenda, adagula pa mtengo wa kilogalamu nkhope ili gwaa.

Gulo sadachotsedwe ntchito, agogo a Nadzikambe adamupempherera kuti mutu ali nawo. Koma a Njovu adamulamula kuti kulikonse kumene wafika, asanalankhule kapena kuchita kanthu, ayambe wapereka moni ndi kudikira kuti mbali inayo iyankhe. N'chifukwa chake mpaka lero mukamupeza gulo pamtengo kapena pamwala, amaima, n'kugwedeza mutu kangapo, kenaka n'kuyamba kuthamanga.

Kaphuleni mbatata!

Yapserera!