Phunziro 17: Chotupitsa Chobisika m'Mbiya

Kuŵerenga: Mateyu 13:33, 1 Akorinto 5:6-8

Inu a ku Mgona fungo la moŵa mumalidziŵa. Mumakumana nalo m'tinjira popita kusukulu, ndiponso madzulo pamene abambo akuŵeruka ku Kanengo. Koma kodi munadzifunsapo chimene chimasandutsa phala kukhala moŵa?

Mai akafuna kuphika thobwa amaviika chimanga kapena maŵere, nazifunditsa kufikira zitamera. Chimenecho ndicho chimera. Akachisinja ndi kuchithira m'phala lofunda, phalalo limasungunuka ndi kuyamba kutsekemera, pakuti chimera chimasandutsa ufa kukhala shuga. Pamenepo palibe choledzeretsa. Ngakhale abusa amamwa, nayamika. Koma thobwa lomwelo likagona masiku angapo m'mbiya, muona thovu pamwamba, ndipo mukatchera khutu mumva likuŵira. Pansi pake palibe moto. Nanga likuŵira ndi chiyani?

M'menemo muli tizamoyo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ta mtundu umodzi ndi bowa. M'sitolo amati yisiti. Buku Lopatulika limati chotupitsa. Timeneti timadya shuga uja, ndi kutulutsa zinthu ziŵiri: mpweya, umene ndi thovu lija, ndi ukali umene umaledzeretsa munthu. Makolo athu anafulula moŵa zaka zosaŵerengeka osationa konse. Louis Pasteur wa ku France ndiye anatsimikiza cha m'ma 1860 kuti kuŵirako ndi ntchito ya chamoyo, ndipo mu 1883 Emil Hansen wa ku Carlsberg, ku Denmark, anapatula mtundu umodzi wa yisiti nauŵeta pawokha.

Tsono taonani ichi. Wofulula wodziŵa ntchito sakonda mbiya yatsopano. Amafuna yakale, chifukwa m'ming'alu yake mumatsalira yisiti wa moŵa wapitawo. Simusoŵa kuthiramo kanthu. Ingoikanimo thobwa labwino, mbiya ichita yokha zotsalazo. Paulo analembera Akorinto kuti achotse chotupitsa chakale, chifukwa anali kulekerera tchimo pakati pawo. Ine ndinagwira choko zaka zambiri, ndipo sindikumbuka mwana amene anaonongeka tsiku limodzi. Amayamba ndi kutumidwa kukagula kabotolo ka kachasu. Maŵa alaŵako panjira. Mkuja akhala nawo pabwalopo kumvera nkhani za akulu. Pakhomo sipamveka kanthu kufikira thovu litasefukira.

Koma musafulumire kunena kuti yisiti ndi wa Satana. Mai wogulitsa mandasi pamsika wa Mgona amagwiritsa ntchito yisiti yemweyo. Mpweya uja ndiwo umatupitsa ufa, ndipo ukaliwo umauluka pamoto. Ambuye Yesu, amene anachenjeza ophunzira ake za chotupitsa cha Afarisi, ndi yemwenso anafanizira Ufumu wa Kumwamba ndi chotupitsa. Mkazi wa m'fanizolo anachibisa m'miyeso itatu ya ufa, ndiye kuti woposa ndowa yathunthu, ndipo ufa wonsewo unatupa. Sanaime pamseu kulengeza. Anabisa, nadikira.

Ndikudziŵa kuti ena mwa inu, yunifolomu imene mumavala inagulidwa ndi ndalama za m'mbiya. Mpingo wathu suvomereza kufulula moŵa, ndipo nkhani imeneyo ndi ya ife akulu a mpingo ndi makolo anu. Si yanu kuisenza. Wina asaseke mnzake m'kalasi muno chifukwa cha ntchito ya mai ake. Iwe mwana wa pakhomo lotero, sungathe kuswa mbiya, koma ungathe kukana kulaŵa, kulankhula zoona, ndi kupempherera mai ako mwaulemu. Kanthu kochepa kameneko nakonso nchotupitsa, ndipo kali kale m'nyumbamo.

Zochita: Aphunzitsi, bweretsani botolo la madzi ofunda, supuni ziŵiri za shuga ndi supuni imodzi ya yisiti. Mangani baluni kukamwa kwa botolo musanayambe pemphero loyamba, niliikeni poonekera. Musanene kanthu. Ana adzakuuzani okha likayamba kufufuma.