Kodi chosaoneka chimayezedwa bwanji?

Pulotoni ndi kanthu kopezeka pakati pa atomu iliyonse, kakang'ono moti palibe diso kapena galasi lokuzira zinthu limene lingakaone. M'kati mwake muli tinthu totchedwa ma quark ndi ma gluon, timene sitinapezekepo patokha. Komabe mu 2018, Volker Burkert, Latifa Elouadrhiri ndi François-Xavier Girod a ku Jefferson Lab ku Virginia analengeza mu magazini ya Nature kuti ayeza mphamvu yopanikiza ya m'kati mwa kanthuka. Kodi munthu anganene kuti wayeza malo amene chida chake sichinafikeko?

Asayansiwo anawombera ma elekitironi othamanga kwambiri pa hayidirojeni wamadzimadzi. Nthawi zina pulotoni ikagundidwa imatulutsa kuwala n'kukhalabe yathunthu, ndipo makina amalemba kumene kanthu kalikonse kalowera komanso mphamvu zake. Atawerengera, anapeza kuti pakati penipeni mphamvu imakankhira kunja, pafupifupi ma pascal okwana 1 wotsatiridwa ndi maziro 35, kuposa pakati pa nyenyezi ya neutron pafupifupi ka 10. Cha kumphepete mphamvuyo imakokera m'kati.

Makinawo sanamve kupanikizako. Chimene chingakhudze kupanikizako mwachindunji ndi mphamvu yokoka ya gravity, yomwe pa kanthu kotere ndi yofooka kwambiri, n'chifukwa chake Heinz Pagels atalemba za nkhaniyi mu 1966 sanaone njira yoyezera. Asayansi a mu 2018 aja anadzera njira yolambalala, ya masamu. Amafanana ndi mlenje amene amaona mapazi n'kunena kukula kwa nyama, kungoti mlenje nyamayo anaionapo kale. Pano palibe anaionapo, ndiye malamulo a sayansi ndi amene amadzaza mpatawo. Ngakhale kulingana kwa mphamvu yokankha ndi yokoka, kumene kumaletsa pulotoni kuphulika, sikunachokere m'makina: masamuwo amafuna kale kuti zikhale choncho.

Izi sizikutanthauza kuti zotsatirazo n'zopeka, chifukwa zikhoza kutsutsidwa, ndipo zinatsutsidwadi. Mu 2019 Krešimir Kumerički wa ku Zagreb anaunikanso manambala a mtundu womwewo atachepetsa zinthu zongoganizira, napeza kuti sakukwanira kutsimikizira kukula kwa kupanikizako. Chaka chomwecho Phiala Shanahan ndi William Detmold a ku MIT anawerengera pa kompyuta gawo la ma gluon, limene kuyeza kwa 2018 sikunalikhudze.