Kodi kuimba ngati agogo ndi kuba?

Anzanga ena amati magulu atsopano amene abwezeretsa banjo ndi babatoni ndi ongokopera. Ine ndimakana. Tamverani Madalitso Band: Yobu Maligwa pa babatoni ya chingwe chimodzi, Yosefe Kalekeni pa gitala uku akumenya ng'oma ndi chidendene. Khutu limakumbuka a Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band, koma nyimbozo ndi zawozawo.

Kaimbidwe kalibe mwini mmodzi. Nawonso a Daniel Kachamba anatenga kwela ya ku South Africa n'kuisandutsa ya ku Chileka. Kaimbidwe kakasowa okaimba kamafa, ngakhale katasungidwa pa YouTube.

Komabe ngongole ilipo ndithu. Ukatapa kwa akuluakulu uziwatchula, ndipo ngati ali moyo, nawonso adyeko. Namadingo ataimba ndi agogo Giddes Chalamanda mu 2020, "Linny Hoo" inadzafalikira pa TikTok, dzina la mwiniwake lili pomwepo.

Ife omverafe tilinso ndi ngongole yathu. Madalitso ankaimba m'misewu ya Lilongwe, ambirife tikungodutsa. Tisamadikire kuti ku Ulaya awombe kaye m'manja ndiye tizidzati ndi athu. Tizigula matikiti konkuno.